Kumene Ndimapita Lachinayi

Thamesmead, Lamulungu masana

Takondwa mwana wanga,

Wapita ku Peckham kukalukitsa tsitsi la pa ulendo, ndipo mmene ndimawadziwira manja a mayi amakuluka aja, ubwera kuno nyale za mumsewu zitayaka kale. Ndiye ndati mpata ndi womwewu, ndikhale pansi ndilembe. Pakamwa ndayesa kangapo sabata ino, koma ukangondiyang'ana ndimapezeka ndikukufunsa za masokosi. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa uwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati mwana wa sitandade thuu, ndipo ndi zomwe ndikufuna. Chingerezi umangochidumphadumpha.

Mawa ukwera ndege, kenako sitima ya pamadzi, kupita ku Antarctica miyezi isanu. Pali chinthu chimene ndakubisira. Ine mayi ako ndikudwala. Andipeza ndi khansa m'bere la kumanzere. Khala pansi ngati waimirira. Aipeza msanga, kachotupa kake n'kakang'ono, sanaone kuti kafalikira kwina, ndipo opaleshoni andichita mwezi wa mawa. Kumeneko ndi kumene ndakhala ndikupita Lachinayi lililonse. Wandifunsa kawiri, ndakunamiza kawiri. Ndinaopa kuti ukangomva unena kuti supitanso, ulendo womwe wauvutikira zaka zonsezi n'kuthera pa ine. Mantha amenewo ndikadali nawo pamene ndikulemba pano. Ndiye undimvere kaye mpaka kumapeto, ndifotokoza m'njira yanga yozungulira ija umadana nayo.

Ku tchalitchi akandifunsa kuti mwana wanu amagwira ntchito yanji, ndimati amamata timawailesi pamitu ya akatumbu a m'nyanja. Amaseka, amayesa ndikucheza. Koma ine ndinamvetsa bwino tsiku lija unatsegula laputopu pa tebulo pano n'kukankhira mbale zanga kumbali. Unati kachipangizoko n'kakang'ono ngati sopo wosambira, mumakamata ndi guluu pa ubweya, ndipo nyamayo ikavuuka kudzapuma kamatumiza uthenga ku setilaiti, inu n'kuona kadontho pa mapu. Timadontho tikandandalika mzere woongoka ndiye kuti nyamayo ikungodutsa. Tikayamba kuzungulirazungulira pamalo amodzi, yapeza chakudya. Ndipo pamene akatumbu, anangumi ndi mapengwini aja oyenda ngati madikoni onse amazungulira, pamenepo ndiye pamunda pawo, pofunika kupatchinjiriza kuti sitima za asodzi zisakakokolole zonse. Ine ndinkangogwedeza mutu monyadira. Sindinadziwe kuti ukundifotokozera mmene udzandigwirire.

Msampha umenewu ndinautchera ndekha. Uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndinaika mu foni mwako kanthu kaja kondionetsa pamene uli. Masiku amenewo ndinkagwira mashifiti aatali kunyumba yosamalira okalamba, mtima uli m'mwamba, nkhani za ana a kuno zikundidyetsa mutu. Ndinayamba kuona kuti Lachitatu lililonse ukaweruka kusukulu kadontho kako sikalunjika kunyumba. Kamakaima pamsewu wina ku Peckham maola awiri osasuntha. Ndinati basi, pali kamnyamata. Sindinakufunse. Ndinapempha kuweruka msanga, ndinakwera mabasi awiri ndi yunifomu yomwe, njira yonse ndikukonza mawu oti ndikamuuze mnyamatayo ndi amake omwe. Nditafika ndinapeza kashopu kogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, iwe utakhala pa chidebe chovundikira, ukujambula nsomba m'kope lako la masamu. Koma poti mkwiyo ndinali nditausenza kuchokera kutali, ndinautula pomwepo, pamaso pa mwini shopu ndi makasitomala ake. Mu basi pobwerera unakhala mpando wakutsogolo, ine wakumbuyo, ndipo kushopu kuja sunapiteko mpaka mwezi unatha.

Uzikumbukira zimenezi ukakhala pa kompyuta ndi timadontho tako. Kadontho kamakuuza pamene chinthu chili, sikakuuza chimene chachipititsa kumeneko. Usafulumire kulemba kuti wadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha kumeneko ndinalibe. Madzulo a tsiku limenelo unandiuza kuti ngati ndikufuna kumakuona, nawenso uzindiona, apo ayi foniyo ukaiponya mu mtsinje wa Thames. Ndinavomera ndikuseka, ndikuti munthu ngati ine ndingapitenso kuti koposa kuntchito, ku tchalitchi ndi kumsika wa ku Woolwich. Walira mvula walira matope, ine za matopezo sindinaganizeko.

Zaka khumi ndi ziwiri zadutsa, kanthu kaja tinaiwala kukachotsa, kapena ndinene kuti ine ndi amene ndinaiwala. Mwezi wathawu tikutsuka mbale unandifunsa, m'Chingerezi chako chofewa chija, kuti kodi kuchipatala chachikulu chija kuli chiyani Lachinayi, poti masabata atatu otsatizana kadontho kanga kakhala kumeneko. Ndinati ndi mashifiti owonjezera a ku ejensi yotipezera ntchito. Unapukuta mbale imodzi nthawi yaitali, kenako unati, "Shifiti ya maola atatu, Mami?" Ndinati masiku ano zilipo. Bodza lake losalongosoka n'komwe, lonamidwa ndi ine amene ndinkakukalipira ukanama za shuga.

Lachinayi lotsatira ndinachenjera mopusa. Ndinasiya foni pansi pa pilo n'kutuluka, ndikudziona wanzeru kwambiri. Ndinaiwala zomwe unandiuza wekha, kuti kachipangizo kakangokhala malo amodzi osasuntha ndiye kuti kagwa, kapena nyamayo yafa. Iwe ukudziwa kuti mayi ako sakhala pansi, ngakhale tsiku la ofu ndimapita kukazonda zinthu zomwe sindigula. Unaimba kambirimbiri, unasiya msonkhano wa ulendo wanu uli pakati, unathamanga pa sitima ndi pa basi, n'kudzapeza foni ikulira m'nyumba mopanda munthu. Ine pobwera, pulasitala nditaibisa mkati mwa bulauzi, ndinakupeza utakhala pa masitepe, jekete osavula. Ndinati ndinangoiwala foni. Unaimirira. Unalowa, unandithirira tiyi, unabwerera kuntchito. Mwana wanga, manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe. Ndinkati ndikukuchotsera mantha, pamene ndinangokusiya nawo wekha opanda womufunsa. Pepa, Takondwa. Ndinalakwa.

Khalidwe lonena kuti "ndili bwino" ndinayamba nalo kale, ndipo ndikuona kuti ndakupatsira. Chaka changa choyamba kuno, lamulo la kuntchito linali loti wokalamba wosayenda amanyamulidwa ndi anthu awiri. Ine ndinkachita manyazi kuitana mnzanga, ndinkati anganene kuti Mmalawiyu ndi waulesi. Ndinkanyamula ndekha. Msana unayamba kuwawa, ndinkangomwa panado n'kumamwetulira. Tsiku lina ndikutulutsa mayi wina wokalamba m'bafa, msana unangoti thyo, tonse awiri pansi khu. Mulungu anachita chifundo, mayiyo anagwera pa ine, sanathyoke paliponse, koma anachita mantha moti sanalolenso kuti ndimugwire mpaka tsiku lomwe anamwalira. Abwana sanandikalipire. Anangondifunsa kuti bwanji sunanene.

Kumene ukupitako kulibe ambulansi yoti n'kukuthamangitsira kuchipatala. Zala zikachita dzanzi, nena. Katumbu akakuluma, ngakhale kukhale kukanda chabe, kaonetse dokotala wa m'sitima tsiku lomwelo, wanena wekha kuti m'kamwa mwawo muli tizilombo toipa. Ukatopa, ukayamba kulira popanda chifukwa poti dzuwa silikulowa ndipo tulo sitikubwera, uza munthu. Ndikudziwa kuti mwina wakuda udzakhala wekha m'sitima yonse, ndipo udzafuna kuonetsa kuti ndiwe wolimba kuposa onse. Usatengere ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mnzako wogona naye chipinda sangalote kuti ukumva kuwawa. Usabise, Takondwa.

Zina n'zazing'ono koma ndizinenabe. Uzikapereka moni kwa ophika ndi amalinyero, uwadziwe mayina awo, osati a mapulofesa okha. Kuntchito kwathu woyamba kudziwa kuti gogo uyu wayamba kudwala sakhala dokotala, amakhala wochapa zovala. Uzidya, ngakhale chakudya chikhale cha m'zitini. Magolovesi usamawasiye paliponse monga umachitira ndi makiyi a nyumba ino, kumeneko kulibe Mami wokutsegulira. Nyama zija uzizigwira mwaulemu, sizinakupemphe kuti uzimate zinthu pamutu. Tsabola wa kambuzi uja ndinakuikira m'thumba la kumbali ndamuchotsa, ndamva kuti simuloledwa kulowa ndi njere ya chilichonse, ngakhale ine ndikuona ngati akungowonjeza. Uzipemphera, ngakhale mwachidule.

Tsopano za agogo ako aamuna, bambo anga, amene sunawaone. Nkhani iyi umangoidziwa theka. Chinali chaka changa chachiwiri kuno, mapepala anga okhalira m'dziko muno ali ku ofesi, iwe ndili nawe m'mimba. Nthawi imeneyo kumudzi kunalibe mafoni a m'manja, ndinkaimba kuntchito kwa amalume ako a Fanuel ku Balaka ndi makadi aja tinkagula pa shopu. Ndikafunsa za bambo ankati ali bwino, kachifuwa chabe. Ndinapempha kuti awabweretse ku foni Loweruka ndimveko mawu awo. Loweruka litafika anati njinga yawonongeka. Loweruka linalo anati mvula. Ine ndinkakhulupirira, ndinkangoti moni mukawapatsire. Tsiku lina titatuluka mu tchalitchi ku Barking, mayi wina amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi anandigwira manja onse awiri, anapinda maondo, n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta zija, mwambo wonse unayenda bwino." Ndinamufunsa kuti mwambo wanji. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Bambo anali ataikidwa masabata atatu apitawo.

Nditawaimbira a Fanuel anati anagwirizana pa banja kuti andisunge, poti ndinali woyembekezera ndiponso ndili kwa eni. Ndi mmene timachitira kwathu, munthu wakutali sauzidwa zoipa pa foni, ndipo anachita zimenezo chifukwa chondikonda. Ine ndinakhala zaka zinayi osawalankhula, kumenenso kunali kulakwa kwanga. Zoona zake n'zoti mwina sindikanatha kupita, mapepala aja akanandimanga miyendo. Koma ndikanalankhula ndi bambo kamodzi. Ndikanasankha ndekha chochita, ngakhale kukhale kungolira tsiku loyenera. Ndipo kuchokera pamenepo mawu oti "kuno tili bwino" anandithera mchere. Zaka ndi zaka ndikaimba kumudzi sindinkamvera zomwe akunena, ndinkatchera khutu kuseri kwa mawu awo ngati kukumveka anthu olira. Ndinalumbira kuti wanga mwana sindidzamuchita zimenezi.

Ndaima kaye apa, ndakamwa madzi.

Amene wanditsegula maso ndi Anti Beatrice a ku Barking, mnzanga wa ku Chipata uja, amene akhala akundiperekeza kuchipatala. Lachinayi lapitali tili pa benchi kudikira dzina langa, ndinawauza mapulani anga onse, kuti opaleshoni ichitika iwe uli kutali, ukamabwera mu Epulo udzangopeza zonse zatha. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena m'Chinyanja chawo chija, "Iwe, mwana uja nchito yake ni kulonda vinyama pansi pa manzi, manje uganiza ungabisame mu London?" Ndinaseka mpaka nesi anatisuzumira. Kenako anandifunsa kuti kodi a Fanuel ndinawakhululukira liti, poti zikuoneka kuti ntchito yawo ija ndaitenga ndine. Pamenepo sindinaseke.

Ndiye pangano langa ndi ili. Chilichonse chimene adokotala adzanene udzachimva tsiku lomwelo, m'mawu ake enieni, osati "kachifuwa chabe". Ndikadzalephera kulemba adzalemba ndi Anti Beatrice, ndipo ukuwadziwa, sadziwa kukometsa nkhani. Foni ndiziyenda nayo kulikonse, ndi kuchipatala komwe. Ndikadzalemba kuti ndili bwino ndiye kuti ndili bwino, usadzakhale pa madzi oundana paja ukufufuza kuseri kwa mawu anga, maganizo ali ku Thamesmead manja ali pa mutu wa chinyama cholusa. Zikadzavuta udzauzidwa, ngakhale ndikudziwa kuti sitima singatembenuke chifukwa cha ine. Nawenso undichitire chimodzimodzi. Usabise.

Ndikufuna upite. Unandiuza kuti timawailesi timamatidwa nyamazo zikangomaliza kusintha ubweya, apo ayi timagwa pamodzi ndi ubweya wakale, ndipo nthawi imeneyo ikadutsa ndiye mpaka chaka china. Ukatsala, malo ako m'sitima adzapatsa wina, ndipo sindikudziwa ngati angadzakuitanenso. Ukakhala pano udzachita chiyani? Mpeni agwira ndi dokotala, osati iwe. Udzangokhala pambali pa bedi kundiyang'ana ndi nkhope yako ya maliro ija, ine n'kumadwala pawiri, bere ndi chisoni choti ndakutsekera njira. Amayi a ku tchalitchi agawana kale masiku odzandiphikira, moti chomwe ndikuopa kwambiri n'kunenepa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndinachoka ku Balaka ndisanaonepo masitepe oyenda okha, ndinaima pansi pake pa bwalo la ndege mpaka mayi wina wosamudziwa anandigwira mkono, koma ndinakwera. Iwe ukupita kutali kuposa ine, ndipo ukupita ndi ntchito yomwe mtima wako unasankha kalekale.

Sindikunamiza kuti sindikuopa. Ndikuopa, makamaka m'mawa ndikamavala. Ndikufunanso ukanakhala pafupi tsiku lomwe adzandilowetse m'chipinda cha opaleshoni chija. Zonse ziwiri n'zoona, koma chachikulu n'choti upite. Ngati ukufuna kundithandiza, undisankhire katumbu mmodzi wamkazi, netiweki ikapezeka uzinditumizira mapu ake. Ndidzakhala pa sofa masabata angapo osaloledwa kunyamula ngakhale ketulo, bola ndizidzaona komwe mnzangayo akukadya.

Chatsala chimodzi, ndipo n'chochititsa manyazi. Pamene ndimayamba kulemba ndinali nditakonza zoti kalatayi ndiipinde, ndiilowetse mu nsapato yako ya pa chisanu pansi pa sutikesi, kuti ukaipeze uli kale pakati pa nyanja pomwe sungabwerere. Zipi ndinali nditatsegula kale, envelopu nditalembapo kale dzina lako. Nditafika pa nkhani ya agogo ako dzanja linaima lokha. Kukuuza sitima itanyamuka sikusiyana ndi kukuuza maliro ataikidwa. Zoona ndikananena, inde, koma kusankha ndikanakulanda.

Ndiye sutikesi ndatseka. Kalatayi ndikupatsa m'manja ukangolowa pakhomo. Mapepala onse a kuchipatala ali pa tebulo, werenga lililonse. Pamwamba pali nambala ya nesi amene akundiyang'anira, mawa m'mawa takisi isanabwere ukhoza kumuimbira n'kumufunsa mafunso ako ovuta aja, ine ndili pambali pako kumuuza kuti akuyankhe zonse. Ukanena kuti ukhala sindikuthamangitsa, ndikwiya masiku awiri basi. Ukanena kuti upita ndikuperekeza mpaka pomwe amabweza operekeza, ndipo ndilira, usadabwe. Mawu anga ndi akuti pita. Koma upite ukudziwa.

Ukamaliza kuwerenga bwera kukhitchini udzandikalipire. Ndikudikira.

Ndine mayi ako.